Makina a mphatso aja anapsa ine ndikuona

Achemwali, ndawerenga zanuzi mtima ukugunda. Zimene akukuuzani apongozi anuzo, zoti ku nesale akufuna kuyesera makina atsopano pa mwana wanu, inenso ndinaziopa nditakhala pa benchi ngati inu.

Wanga anabadwa ndi miyezi 7, kakang'ono ngati botolo la sobo. Pachipatala chimene ndinachilira, dzina sinditchula, panali makina awiri othandiza kupuma, a mphatso ochokera kunja. Onyezimira bwino, pakhoma pali chithunzi cha abwana a chipatala akudula riboni. Usiku wachitatu cha m'ma 2 koloko magetsi anathima. Jenereta osalira, mlonda akuthamanga uku ndi uku kusaka amene anali ndi makiyi. Magetsi atabwera ndinangomva kuti phwa, kenako fungo la waya wopsa. Makinawo anapangidwira magetsi a 110V a ku America, ife kuno ndi 230V, ndiye ankadalira kathiransifoma kena kamene kanali pansi pa tebulo, ndipo kameneko ndi kamene kanapsa. Milomo ya mwana inayamba kuda. Pachifuwa pakulowa mkati akamakoka mpweya, nthiti zonse kuwerengeka. Nesi anali yekha chipinda chonse. Anandipatsa foni yake kuti ndiwalitse tochi, iye akupopa kachibaluni kaja ndi manja, ine dzanja likunjenjemera mpaka anandikalipira kuti mayi gwirani bwino. Ndinafunsa kuti nanga makina enawo? Akuti anafa kalekale, fyuluta yake sipezeka m'Malawi muno. Pamwamba pake ankasanjapo mafayilo.

M'mawa abwana aja anabwera atamanga tayi, nkumati amayi, zinthu za mphatso sitikana. Sitikana! Ndani anafunsa ngati zikugwirizana ndi magetsi athu? Ndani anafunsa kuti zikawonongeka akonza ndani, zipangizo zake azigula kuti? Anesi anangowaonetsa mobatanira tsiku limodzi basi. Munthu ameneyo mpaka lero ndikamukumbukira chakudya sichitsika.

Anatitumiza ku chipatala cha boma, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakaona makina othandiza kupuma otchedwa Pumani. Kabokosi kosaoneka bwino nkomwe, timapaipi tolowa m'mphuno, ndi botolo la madzi lomangotulutsa thovu usiku wonse. Ndinakana poyamba, ndinati mwana wanga asakhalenso choyesera. Sisitala wina wachikulire anandikhazika pansi nkundifotokozera, zina ndinadzawerenga ndekha pambuyo pake. Makina amenewa anawapanga a Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala a ku Queens ndi College of Medicine ku Blantyre, ndipo oyambirira ankapopa mpweya ndi timapampu ta m'mathanki oweteramo nsomba m'nyumba, kuti akhale otchipa komanso osavuta kukonza. Asanawagawe m'zipatala za m'maboma anayamba awayesa ku Queens, akuwerenga ana mmodzimmodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2014: mwa ana amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka 71 pa 100 alionse, pomwe mwa amene anangopatsidwa okisijeni wamba anapulumuka 44.

Kuyesa kwenikweni kumayenda choncho. Kafukufuku amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa odwala, monga COMREC, ndipo ngati mwana akulowa m'kafukufuku amakuwerengerani pepala inu nkusayina kapena kudinda chala. Mukhoza kukana, ndipo chithandizo sangakumaneni. A NEST360, gulu lothandiza zipatala kusamalira ana akhanda limene linayamba mu 2019, makina a ana akhanda amawayesa dala ndi kutentha, chinyezi, fumbi ndiponso magetsi okwera ndi kutsika asananene kuti ndi oyenera zipatala zathu. Ku unduna wa zaumoyo kulinso nthambi ya PAM yosamalira ndi kukonza zipangizo. Zonsezi zilipo ndithu, koma mphatso zina zimangolowera kukhomo la kuseri chifukwa wina akufuna chithunzi.

Ndiye inu musakhulupirire chinthu chifukwa choti ndi chatsopano kapena chachokera kunja. Funsani dzina la makinawo, funsani ngati akugwiritsidwa ntchito m'zipatala zina, funsani kuti magetsi akathima chimachitika ndi chiyani. Funsani anesi ausiku, osati a mu ofesi. Suzumiraninso pansi pa tebulo ngati pali kathiransifoma.

Komabe achemwali, mwana akamabanika musayambe mafunso onsewa. Akati timuike pa makina, vomerani pompo, mafunso mudzafunsa kukacha. Ine kukana kwanga kuja kunadya pafupifupi ola lathunthu ndipo ndimadziimbabe mlandu. Apongozi auzeni akhale kaye ku khitchini ya magadiyani aziphika phala. Mwana akangoyamba kupeza bwino pemphani kangaru, muzimufungatira pachifuwa khungu kwa khungu, wanga anayamba kunenepa pamenepo. Pano ali sitandade 2, ndipo ndi wolongolola kuposa bambo ake. Foni yanu izikhala yotchaja usiku uliwonse.