Akuti mwana wanu wawina sikolashipu koma mulipire kaye? Tamverani bambo

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Namwera. Mwana wawo wamkazi anakhoza bwino MSCE, ndiye pa WhatsApp pabwera meseji yoti wasankhidwa kukaphunzira unamwino ku Canada ulere, chofunika ndi K85,000 ya fomu Lachisanu lisanafike. Akufunsa ngati atumize. Mbuzi agulitsa kale.

Pa mbuzipo ndinaika foni pansi kaye bambo, chifukwa kwathu zinayambanso choncho, kungoti ife inali mashini yosokera ya mayi.

Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala pakhomo zaka ziwiri ndikuyanika usipa pathandala. Mukudziwa kuno ku Mangochi mnyamata akangokhala aliyense amangomufunsa kuti ku Joni unyamuka liti, ndiye ine ndinkayankha mwamatama kuti ine ndi wasukulu. Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa tayi, kachikwama ka laputopu paphewa, Chingerezi chotulukira m'mphuno, akuti ndi ejenti wa bungwe lachifundo lakunja lofuna ana osauka a m'mbali mwa nyanja. Anatisonkhanitsa Loweruka m'kalasi ina yake, mafomu okhala ndi chidindo, anatijambula zithunzi, mpaka kutilembetsa kamayeso eti. Tonse tinakhoza kkkk, ngakhale mnzanga wina amene sanamalize n'komwe kulemba. Apa mpamene ndikanadzidzimuka koma munthu ukamafuna chinthu maso amachita khungu.

Ndalama sanapemphe kamodzi ayi. Poyamba K15,000 yolembetsa. Patatha milungu iwiri ya chipatala. Kenako ya viza, ndipo pamenepo mayi anagulitsa mashini, amalume a ku Joni anatumiza ma randi awo a thukuta. Ukalipira koyamba umapitiriza basi, chifukwa kusiya ndiye kuti wavomera kuti zoyambazo zapita. Anthuwa amazidziwa bwino zimenezi kuposa aphunzitsi a saikoloje.

Mayi anaphika mpunga ndi chambo, abale anabwera kudzatsanzika, ndinagula chijekete chachikulu pa kaunjika poti akuti kumeneko kumazizira. Tangoganizani chijekete mu Okutobala ku Mangochi. Tinali anthu 11 pa depoti ndi zikwama zathu kudikira minibasi yoti ititengere ku eyapoti, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka a kabaza anayamba kutiseka. Foni ya mkulu uja inali itazimitsidwa. Mpaka lero anzanga ena amanditchula kuti wa ku London.

Chimene chimandiwawa kwambiri si ndalamazo. Pa anthu 11 tonse palibe ndi mmodzi yemwe anakanena kupolisi, manyazi. Mayi anati zisamveke, anthu atiseka. Ndiye mkuluyo anangosamukira dera lina n'kukachita zomwezo. Ine ndimati manyazi athuwa ndi amene amadyetsa akubawa, ndipo ndinene mosapsatira, inu amene mumangotumiza linki iliyonse ya sikolashipu mu gulupu ya mpingo, ya mzikiti kapena ya banja osayiwerenga n'komwe, mukuwagwirira ganyu yaulere. Munthu amakhulupirira chifukwa watumiza ndi shehe kapena mkulu wa mpingo, osati chifukwa cha linkiyo. Musandiuze kuti ndimangothandiza. Simukuthandiza.

Masiku ano safunikanso tayi, ndi SIM khadi basi. Ndipo ena safuna n'komwe ndalama poyamba, amangoti tumizani chithunzi cha chiphaso cha unzika ndi satifiketi. Chiyambireni kulembetsa manambala a foni mu 2018 chiphaso chija ndi katundu, wina akhoza kuberapo anthu m'dzina la mwana wanu. Palinso zoopsa kuposa apa. Mu 2024 atolankhani a Associated Press anaulula za atsikana a m'maiko a mu Africa amene anakopedwa pa intaneti kuti akaphunzira uku akugwira ntchito ku Alabuga, ku Tatarstan m'dziko la Russia, n'kukapezeka ali m'fakitale yopanga ma drone a nkhondo, tindege topanda woyendetsa. Amenewo ndege anakweradi. Nthawi zina ndimati bola ine ndinathera pa depoti.

Komanso tisamangoloza chala akubawo ngati ife ndi oyera. Mabungwe enieni othandiza ana nawonso timawabera tokha. Mwana makolo ali moyo, bambo ake ali ndi maboti awiri a injini, koma pa fomu walembedwa kuti ndi wamasiye ndipo kalata yochitira umboni ilipo. Wamasiye weniweni ali ku Makanjira uko sakudziwa n'komwe kuti kunabwera mafomu. Mawa bungwe likatopa n'kuchoka tiyamba kudandaula kuti boma lathu la Mangochi amalisala. Iyi ndi nkhani ya tsiku lina, ndingapse mtima.

Nanga zenizeni zimayenda bwanji?

Sikolashipu yeniyeni umachita kuifunsira, siikupeza wekha ngati mvula. Chevening ya boma la Britain kufunsira kwake ndi kwaulere, ndipo ndi ya masters, munthu ukhale ndi digiri kale, ndiye wina akamati mwana wa Fomu 4 wawina Chevening dziwani kuti ndi bodza. Bungwe la CAMFED limathandiza atsikana kudzera m'sukulu ndi m'makomiti a m'madera, osati pa meseji ya usiku. Malo m'mayunivesite a boma a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni amadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo ngongole ya fizi ndi ya bungwe la HESLGB mwana akasankhidwa kale. Inde pofunsira malo ku yunivesite pamakhala kandalama kolipira, koma kamapita ku akaunti ya dzina la bungwelo ndipo risiti umaigwira m'manja. Sikapita pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yotuluka dzina la munthu, amene ukamuimbira kumbuyo kukumveka tambala.

Za Lachisanuzo n'zongofuna kuti musapeze mpata wofunsa anthu.

Ndiye bambo, musatumize. Mufunseni mwanayo ngati analembapo kalata yofunsira ku Canada, ndikudziwa ayankha kuti ayi. Musatumize chithunzi cha chiphaso, PIN musauze munthu. Meseji musafufute, kaionetseni kupolisi ndi kukampani ya foni, ndipo muwauze aphunzitsi aakulu a pasukulu yake chifukwa anzake a m'kalasi alandiranso yomweyo. Za thandizo la fizi kafunseni ku ofesi ya maphunziro kapena ya zachisamaliro cha anthu pa boma pano, thiransipoti yochokera ku Namwera siingafike K85,000.

Mwanayo akhumudwa, mwina akwiya nanu masiku angapo, ine ndikanakwiya zedi wina akanandiletsa nthawi ija. Ndalama ya mbuziyo isungeni ya fomu ya unamwino konkuno zikatuluka. Chijekete chija ndikadali nacho, mayi amafunditsa nkhuku zikamafungatira.