Mwabwerako ku Dar es Salaam muli bwino, koma masiku 10 ndi ochepa

Bambo wina wa ku Chawama mu Lusaka wanditumizira imelo. Amagulitsa zovala, ndipo mwezi uliwonse amakwera basi pa Intercity kupita ku Nakonde, n'kuwolokera ku Tunduma mpaka ku Dar es Salaam kukaoda katundu. Kumeneko ali ndi mayi amene anadziwana naye kalekale, ndipo pa ulendo wathawu anagona naye popanda kondomu chifukwa anaona kuti azolowerana. Papita masiku 10, sakumva kuwawa paliponse, ndipo akufunsa ngati angakhale malo amodzi ndi mkazi wake mosadera nkhawa.

Bambo, musatero kaye popanda kondomu, chifukwa kusamva kuwawa sikutanthauza kuti thupi lilibe matenda. Chinzonono ndicho chimafulumira kuonekera mwa abambo, nthawi zambiri sabata isanathe, pamene munthu amamva kuwotcha pokodza ndiponso amatuluka mafinya. Matenda a chlamydia ndi ena: amakhala chete mwa anthu ambiri, koma akalowa mwa mayi amatha kukwera mpaka kutseka njira za mazira, zimene zimabweretsa kusabereka kapena mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Chindoko nacho chimachedwa. Kachilonda kake kamatuluka patapita pafupifupi masabata atatu, mwina masiku 90, sikapweteka, ndipo kamapola kokha matendawo akadali m'magazi. Ngati akazi anu ali oyembekezera, chindoko chingachititse kuti apite padera kapena mwana abadwe atafa.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi HIV. Pali mankhwala a PEP, oteteza munthu amene wagona kale ndi wina mosadziteteza kuti asatenge kachilomboka, amene munthu amamwa masiku 28, koma ayenera kuyambidwa maola 72 asanakwane. Kwa inu nthawiyo yadutsa, ndipo amalonda ambiri imawathera pamsewu, poti kuchoka ku Dar es Salaam kufika kuno basi imadya tsiku lathunthu ndi kupitirira, osawerengera kuchedwa pa chipata cha malire. Zikachitika chonchi, chipatala choyenera ndi cha kumene muliko, osati chimene mudzachipeze mukafika kwanu. Dziwaninso kuti m'masabata oyambirira kachilombo kamachuluka kwambiri m'magazi, pamene zida zoyezera mwamsanga sizinayambe kukaona. Ndiye nthawi imene munthu angapatsire mnzake mosavuta ali ndi kapepala konena kuti alibe. Kayezetseni tsopano, mukayezetsenso pakatha miyezi itatu.

M'kalata mwanu mwakayikira mayi wa ku Tanzania yekha, ndipo pamenepa sindikugwirizana nanu. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 15 kupita m'tsogolo kuno ku Zambia, 11 ali ndi HIV, chiwerengero choposa cha ku Tanzania. Ngati inuyo simunayezetse posachedwa, nayenso ali ndi chifukwa chakuopani. Kuzolowerana kwa anthu oonana kamodzi pamwezi kumapusitsa, pakuti palibe amene amadziwa za masabata enawo a mnzake.

Mukapita ku kiliniki, kafotokozeni zonse ndi tsiku lake lenileni, ndipo mukapemphe kuyezedwa chindoko ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, amene ali ndi katemera. Chonde musagule makapisozi pamsika. Tizilombo ta chinzonono sitimvanso mankhwala ambiri akale, n'chifukwa chake masiku ano chimachizidwa ndi jakisoni wa ceftriaxone, ndipo mankhwala ongogula amatha kuletsa mafinya matenda asanathe. Ngati chibwenzicho chipitirire, funsani za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda HIV amalandiriratu kuti asaitenge, ya mapiritsi kapena ya jakisoni wa miyezi iwiri iliyonse amene anayamba kuperekedwa m'zipatala zina za dziko lino mu 2024. PrEP imateteza ku HIV yokha, choncho makondomu muzinyamula kuchokera kuno, osawasunga m'chikwama cha ndalama momwe amatenthedwa ndi kutikitika.

Ndikudziwa kuti chovuta kwambiri ndi cha kunyumba, chifukwa kondomu yobwera mwadzidzidzi m'banja imadzutsa mafunso. Komabe akazi anu sanapite nawo ku Dar es Salaam, ndipo thupi limene lingavulale ndi lawo. Ngati mawu akukulemerani, apempheni kuti mupite limodzi kukayezetsa, ndipo mlangizi wa pa kiliniki akakuthandizani poyambira. Mukapezeka ndi matenda mutakhala nawo kale malo amodzi, nonse awiri mulandire mankhwala nthawi imodzi, ndipo mudikire masiku asanu ndi awiri musanagonanenso.