Achemwali a ku Chibavi, "is" uja sanalakwe nthawi zonse

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, amene akubwereza MSCE pa sukulu yamadzulo. Akufunsa kuti pofotokoza m'Chingerezi zimene wina ananena, n'chifukwa chiyani "is" amasanduka "was" pomwe chinthucho chikadali chomwecho. Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga katatu, chifukwa mwakhudza bala limene ndakhala nalo kuyambira ndili Fomu 2.

Aphunzitsi athu ankajambula tebulo pa bolodi. Kumanzere "am", kumanja "was". Kumanzere "will", kumanja "would". Tinkaloweza ngati mavesi a ku Sande sukulu. Ndikukumbukira m'mawa wina mu June, nkhungu ya Mzuzu ija itakuta mpaka mitengo ya paini kuseri kwa kalasi yosaoneka, zala zitauma moti cholembera chinkachita kupulumuka. Ndinalemba kuti "The teacher said the earth goes round the sun." Anaikapo mtanda wofiira waukulu. Ndinaimika mkono n'kufunsa mwaulemu ngati dziko linasiya kuzungulira dzuwa, poti akufuna ndilembe "went". Anandigwaditsa pakhonde mpaka belu. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti chiganizo changa chinali cholondola, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa kuchokera tsiku limenelo sindinafunsenso kanthu m'kalasi ya Chingerezi.

Vutoli linanditsata mpaka ku ukulu. Ndinasankhidwa kukhala mlembi wa komiti ina ya chitukuko kuno kwathu, ndipo maminitsi ankafunika m'Chingerezi chifukwa ankapita kwa amene ankatithandiza ndi ndalama. Msungichuma, mayi wachikulire wokhulupirika, ananena pa msonkhano kuti ndalama zili ku banki. Ine ndinatsatira tebulo lija: "The treasurer said the money was in the account." Pa msonkhano wotsatira bambo wina anaimirira, chala chili pa mawu oti "was", n'kufunsa kuti ngati zinali kumeneko, lero zili kuti? Mayi aja anagwetsa misozi pamaso pa anthu. Galamala yanga sinalakwe, komabe ndikanalemba "is" sindikanalakwanso, ndipo mayi aja sakanalira.

Tsono taonani mmene ifeyo timalankhulira. Amayi akanena dzulo kuti "ndikudwala", lero ndimauza mlongo wanga kuti "Amayi anati akudwala." Ndasintha munthu yekha, "ndi" wakhala "a", koma "ku" uja ali pomwepo. Chichewa chimakusiya uli pa nthawi imene mwini mawu ankalankhula. Chingerezi chimakukokera pomwe waima iwe wofotokozawe, n'kuyang'ana mawuwo ali kumbuyo. Ndiye khutu lanu likamakuuzani kuti "she said she is sick", si umbuli ayi, ndi Chichewa chimene chikugwira ntchito yake bwinobwino m'mutu mwanu.

Ndipo apa ndinene mosapsatira: kuphunzitsa tebulo lija popanda kufotokoza zimenezi ndi kulakwira ana. Mwana wa kuno ku Mzuzu kunyumba amalankhula Chitumbuka, mumsika ndi pa depoti amasakaniza ndi Chichewa, m'kalasi akumana ndi Chingerezi, chimene lamulo la maphunziro la 2013 linati ndicho chophunzitsira. Akalephera Chingerezi, satifiketi ya MSCE sapata, ngakhale masamu atakhoza bwanji. Mwana wonyamula zilankhulo zitatu ameneyu timamutcha wopanda nzeru chifukwa cha "was" mmodzi. Ndaona atsikana anzeru kwambiri akugulitsa kaunjika ndi tomato chifukwa cha phunziro limodzi lomweli. Mphunzitsi akanangotenga mphindi zisanu kulemba chiganizo cha Chichewa pambali pa cha Chingerezi, ambiri akanamvetsa tsiku lomwelo.

Nanga pa mayeso a MANEB?

Mukaona "said", "told" kapena "asked", bwezani mneni sitepe imodzi m'mbuyo: "am" ndi "is" akhale "was", "will" akhale "would", "can" akhale "could", "have seen" ndi "saw" akhale "had seen". Koma "would", "could", "should" ndi "might" musawagwire. Mukaona "says", mneni sabwerera m'mbuyo. Chinthu chikakhala choona nthawi zonse, ngati dziko ndi dzuwa lija, mneni akhoza kutsala momwe alili. Pa zina zonse pa pepala la mayeso, bwezani, ndiye njira yosaopsa. Musaiwale kuti "tomorrow" amakhala "the following day", "yesterday" amakhala "the previous day", ndipo funso limasiya kukhala funso: "Where do you live?" limakhala "He asked where I lived."

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, mu ofesi kapena pa WhatsApp, dzifunseni ngati zimene ananenazo zikadali choncho pano. Ngati zikadali choncho ndipo mukufuna owerenga adziwe, siyani "is". Ine maminitsi aja ndinakawalembanso usiku womwewo, n'kupita nawo kunyumba kwa mayi aja m'mawa mwake kukawawerengera ndekha, mzere ndi mzere, m'Chichewa.