Kodi nsomba ikapsa, poizoni wa zitsulo amatha?

Funso: Mchimwene wanga amagwira ntchito mumzinda wina wa m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo Loweruka lililonse amakawedza m'ngalande yodutsa kuseri kwa mafakitale. Iye amati madziwo ndi oyera mbee, komanso nsomba ikapsa bwino poizoni amatha. Kodi ndi zoona? Ndine wowerenga wa ku Salima.

Yankho: Achimwene anuwo akulakwitsa pa zonse ziwiri. Moto umapha tizilombo toyambitsa matenda, koma zitsulo zapoizoni zochokera m'mafakitale, monga mtovu, cadmium ndi mercury, si zamoyo, choncho sizifa ndiponso siziwola. Zikatayidwa m'madzi zimakhazikika m'matope, makamaka m'ngalande ndi m'madoko momwe madzi amayenda mwaulesi, pamwamba nkumaoneka poyera. M'matopemo mabakiteriya amasandutsa mercury kukhala mtundu wina umene umakanirira mu mnofu weniweni wa nsomba, moti kutumbula, kuwamba kapena kukazinga sikuuchotsa, ndipo nsomba zikuluzikulu zodya zinzake ndizo zimakhala nawo wambiri.

Zimenezi zinaoneka poyera ku Minamata, m'dziko la Japan, kumene fakitale ya Chisso inkataya madzi okhala ndi mercury kuyambira 1932 mpaka 1968, poyamba kudzera m'ngalande yopita kudoko. Oyamba kuonetsa zizindikiro anali amphaka a m'midzi ya asodzi, omwe ankadya nsomba zotsala: ankadzandira, kuphupha, ena nkugwera m'nyanja. Matendawa anadziwika mwa anthu mu 1956. Odwala ankachita dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kulephera kuyenda ndi kulankhula bwino, ndipo amayi ena ooneka athanzi anabereka ana olumala ubongo chifukwa poizoniyu amafika mpaka kwa mwana wosabadwa. Chomvetsa chisoni nchakuti mu 1958 kampaniyo inangopatutsira madziwo kumtsinje wa Minamata, matenda nkufalikira m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja ya Shiranui. Ukonde umene unaikidwa kuti utsekereze nsomba zapoizoni za padoko la Minamata unachotsedwa mu 1997, matope oipawo atafukulidwa ndi kukwiriridwa.

Auzeni achimwene anu asiye kudya nsomba, nkhanu ndi nkhono za m'ngalandemo, ndipo asazipereke konse kwa ana kapena mayi woyembekezera. Ngati akhala akudya kwa nthawi yaitali, akafotokoze kuchipatala, poti mercury amayezedwa m'magazi kapena mu tsitsi.