Kwa amayi ofuna kupita ndi ana kunyanja kukawedza

Amayi, mwafunsa ngati kuli bwino kutenga ana anu atatu patchuthi cha masiku atatu kupita kunyanja yamchere ku Mozambique, kukagona mu tenti ndi kuwedza m'mphepete mwa madzi. Ine ndikuti pa ulendo woyamba yambani ndi Nyanja ya Malawi. Njira ya ku Beira kudzera ku Katete, Chanida ndi Tete ndi yaitali kwambiri, ndi ana aang'ono mudzagona panjira, ndipo kumeneko zambiri zimayenda m'Chipwitikizi. Pomwe ku Senga Bay, gombe la Nyanja ya Malawi ku Salima, mukanyamuka ku Chipata mbandakucha, dzuwa lisanapendeke ana akhala akuponda mchenga, anthu onse mukumvana nawo chinenero.

Ife tinapitako ndi amuna anga ndi ana. Tinadutsa pa Mwami, pamene kuyambira 2022 maofesi a mayiko onse awiri ali pamodzi, kenako Mchinji, Lilongwe, n'kutsika ndi msewu wa M14 mpaka ku Salima. Kuchokera pa Salima kukafika kunyanja ndi makilomita pafupifupi 20. Visa safuna kwa ife a ku Zambia, koma mapepala a motoka, inshuwalansi ndi mapasipoti a ana akhale m'manja. Mafuta thirani odzaza ku Chipata konkuno, kwa anzathuwa nthawi zina amasowa.

Chachikulu ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera, ndipo nyanja imakalipa. Ife tinapita mu Julayi osadziwa. Usiku woyamba zikhomo za tenti zinazuka, chifukwa mumchenga sizigwira, ndipo bambo wa ana anachezera kusaka miyala yotsindira zingwe, wamng'ono akulira ndi kuzizira. Seputembala ndi Okutobala madzi amakhala bata, ngakhale kumatentha. Kuyambira Novembala boma limatseka usodzi wa makoka kuti chambo chiswane, mvula nayo imakhala ili pafupi.

Za kuwedzazo, musawalonjeze ana chambo. Kawirikawiri chambo chimagwidwa ndi maukonde a asodzi, osati ndi mbedza ya mwana ali pamtunda. Chimene angagwire ndi tinsomba ta m'miyala, mwina mlamba madzulo. Kampango amadya usiku kumadzi akuya. Koma mwana wanga wamkulu atakoka kansomba kake koyamba, kochepa ngati chikhatho chake, anakana kuti kaphikidwe pamodzi ndi zina. Ndinamuwotchera payekha pa mbaula, ndipo mpaka lero amakasimba. Mbedza gulani zazing'ono. Nyambo ndi nyongolotsi, kapena usipa wauwisi woduladula. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likungotuluka, anyamata a pagombe amakuonetsani pamene nsomba zimadyera. Apatseni kangachepe, ndi ntchito imeneyo.

Ndiwo zenizeni mudzagula kwa asodzi akamakocheza m'mawa. Usiku mudzaona nyali zambirimbiri pamadzi ngati mudzi, amenewo ndi ogwira usipa. Usipa wauwisi, wongofika kumene, ndi wosiyana kwambiri ndi kapenta wouma amene tinazolowera pamsika. Tengani ufa wanu, mchere, tomato, anyezi ndi mbaula.

Pali zinthu zimene sindinyengerera. Tenti imikani pamalo olipira okhala ndi mlonda ndi chimbudzi, osati paliponse pamene pakukongolerani. Ana asasambe kapena kuwedza pafupi ndi bango ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja, chifukwa ndi kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu, komanso nkhono zofalitsa likodzo. Funsani eni dera, amadziwa. Mukabwerera kuno, patapita milungu ingapo pitani nonse kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja, akuyezeni likodzo. Mankhwala ake alipo. Neti ya udzudzu musaisiye ngakhale tenti ili ndi zipi, malungo kunyanja ndi ambiri. Ndipo mwana akakhala pamadzi, wamkulu mmodzi ntchito yake ikhale kumuyang'ana basi, foni ili m'thumba.

Mukasankha Cape Maclear ku Mangochi, dziwani kuti mbali ina ndi Lake Malawi National Park, ndipo pafupi ndi magombe ndi zilumba za paki kuwedza n'koletsedwa pofuna kuteteza mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija. Ana akhoza kungoziona m'madzi. Kwa masiku atatu okha amene mwanenawo, ine ndingapite ku Senga Bay.