Za agogo ofunsa za mikango ndi mafilimu a maulendo amene anawalera

Achemwali, mwalemba muno m'gulu kuti kumene mukugwira ntchito ku America kuli agogo ena achizungu amene amakonda kukufunsani ngati kwathu mikango imafika pakhomo. Mutawafunsa kumene anazitenga zimenezo, akuti ali ana ankapita ndi makolo awo ku holo ya sukulu kukaonera travelogue. Ndiye mukufuna kudziwa kuti chinali chiyani, komanso ngati n'chimodzimodzi ndi zimene achinyamata akuchita pa YouTube masiku ano. Pepani ndilemba zambiri, nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri.

Chinali chionetsero cha munthu amene wayenda. Ankapita kudziko lakutali ndi kamera, kukhalako miyezi ingapo, n'kubwerera kwawo ndi zithunzi ndi mafilimu. Akatero ankayenda tauni ndi tauni, kubwereka holo, kugulitsa matikiti. Magetsi akazima iye ankaima pambali pa chinsalu, zithunzi zikuoneka, n'kumafotokoza ndi pakamwa pake kuti awa ndi anthu akuti, amadya zakuti, amakwatirana chonchi, maliro awo amayenda chonchi. Filimuyo inalibe mawu. Mawu onse anali a iyeyo. Chimenechi muchigwiritse, chifukwa yankho la za mikango lagona pamenepo.

Mafilimu asanabwere, ntchitoyi inkachitika ndi nyali yoonetsera zithunzi zojambulidwa pa timagalasi, imene azungu ankaitcha magic lantern. Ku America katswiri wake anali John L. Stoddard, amene anadzaza maholo kwa zaka pafupifupi makumi awiri mpaka anapuma mu 1897. Amene analowa m'malo mwake ndi Burton Holmes, wobadwira ku Chicago mu 1870. Iyeyu anayamba mu 1893 ndi zithunzi za ulendo wake wa ku Japan, ndipo mu 1897 anawonjezamo zithunzi zoyenda, mnzake Oscar Depue ndiye akugwira makina. Amene anafalitsa dzina loti travelogue cha mu 1904 ndi Holmes yemweyu. Moyo wake unkangozungulira chonchi: nyengo yotentha ali paulendo, nyengo yozizira ali m'maholo akuluakulu monga Carnegie Hall ku New York ndi Orchestra Hall ku Chicago. Anakaonera masewera a Olimpiki ku Athens mu 1896, anadutsa Siberia pa sitima ya pamtunda, anajambula akukumba ngalande ya Panama. Pomwalira mu 1958 n'kuti atalankhula pagulu maulendo oposa 8,000.

Tangoganizirani madzulo amodzi otere. Kunja kuli chipale chofewa, anthu abwera atatchena ngati akupita ku ukwati. Holmes watulukira mu suti yakuda, ndevu zake zosongoka zitapesedwa bwino. Kumbuyo kwa holo wogwira makina akulowetsa kagalasi kamodzikamodzi, ndipo kagalasi kalikonse kanapakidwa utoto pamanja ndi kaburashi kakang'ono kwambiri, popeza zithunzi za nthawi imeneyo zinkatuluka zakuda ndi zoyera basi. Mawu ndi chithunzi zinkayenera kukumana bwinobwino, osatsogola osatsalira. Mayi amene sanatulukepo m'boma lake chibadwire akuona msika wa ku Japan uli ndi mitundu yake yonse, munthu amene anapondadi kumeneko ali chilili patsogolo pake. Ine ndimawamvetsa anthu amenewo. Kunalibe wailesi ya kanema, ndege zonyamula anthu kunalibe, ndipo ulendo wa pa sitima ya pamadzi unali wa olemera kapena wa osamuka osadzabwereranso. Njala yofuna kuona mmene anzathu akutali amakhalira ndi njala yabwino, ndipo anthu ankalipira ndalama zawo kuti aithetse.

Mphamvu ya pakamwa pa wofotokozayo inaonekera bwino mu 1919. Lowell Thomas, mtolankhani wa ku America, anafika ku London ndi mafilimu a nkhondo ya ku Palestine ndi Arabia, n'kuwaonetsa mu holo yaikulu ya Covent Garden ndi gulu loimba, zofukiza ndi wovina. Msilikali wina wa Britain amene ankaoneka m'mafilimuwo, T. E. Lawrence, amene anthu wamba sankamudziwa n'komwe, anasanduka ngwazi yodziwika dziko lonse chifukwa cha chionetserocho. Aluya amene anamenya nkhondoyo kwawo komwe anangokhala khamu la kumbuyo kwa chithunzi.

Tsono tifike kwathu ku Africa. Kumbukirani kuti woonetsa travelogue ankadyera matikiti. Holo ikapanda kudzaza, ulendo wa chaka chamawa palibe. Kodi mlimi wa ku Kansas akanalipira kuti aone mphunzitsi wa ku Africa akulemba pa bolodi, kalaliki ali mu ofesi, kapena mayi akupalira chimanga monga momwe mkazi wake amachitira? Zimenezo anali nazo kale kwawo. Chimene chinkagulitsa ndi chachilendo: nyama zolusa, anthu osavala, magule ooneka oopsa kwa munthu amene sakudziwa tanthauzo lake. Martin ndi Osa Johnson, banja la ku Kansas komweko, ndi amene anatchuka kwambiri pa zimenezi. Anakhala zaka zingapo paphiri la Marsabit kumpoto kwa Kenya, n'kutulutsa filimu ya Simba mu 1928 ndi ya Congorilla mu 1932. Luso lojambula nyama anali nalo ndithu, ndipo zithunzi zawo za njovu ndi mikango n'zamtengo wapatali mpaka lero. Koma taonani zimene anachita ndi anthu a m'nkhalango ya Ituri ku Congo. Anapatsa amuna awiri ndudu yaikulu ndi machesi, kamera ikujambula mmene akuvutikira kuyatsa, pamwamba pake n'kuikapo mawu oseketsa oonera. Amuna amenewo ankadziwa mtengo uliwonse wa m'nkhalango imeneyo, wa mankhwala ndi wa poizoni, ankadziwa kupha nyama ndi ukonde, anali ndi nyimbo zawo zoluka mawu modabwitsa. Zonsezo anthu a m'holo sanapite nazo kunyumba. Anapita ndi nduduyo. Martin anafa pa ngozi ya ndege ku California mu 1937 ali paulendo wokalankhula m'maholo, ndipo Osa anapitiriza ulendowo ali pa njinga ya olumala. Anthu ake anali akhama choncho, ndiye muone kuchuluka kwa maso amene anaona zithunzi zimenezo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti wojambulidwayo analibe poyankhira. Sankadziwa chimene chidzanenedwe za iye kutsidya kwa nyanja, filimuyo sadzaiona, ndipo ngakhale akanalankhula pamene ankamujambula, makinawo mawu ake sankawatenga kapena wofotokozayo ankawaphimba ndi ake. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo uyu akachoka ankakakhala mboni yokhayo ya mudzi wonse pamaso pa anthu zikwizikwi, ndipo ana amene anamumvera ndi agogo amene mukuwasamalirawo.

Sindikuti onse anali oipa, ayi. Nyali yoonetsera zithunzi ija inagwirapo ntchito yopulumutsa anthu. Alice Seeley Harris, mmishonale wa ku Britain, anajambula ku Congo mu 1904 bambo wina dzina lake Nsala atakhala pakhonde, akuyang'ana kadzanja ndi kaphazi ka mwana wake wamkazi amene anaphedwa ndi alonda a kampani ya mphira chifukwa mudzi wawo sunakwanitse mlingo umene unalamulidwa. Iye ndi mwamuna wake John anayenda nacho chithunzicho ndi zina zotero m'maholo ndi m'matchalitchi a ku Britain ndi America. Mkwiyo wa anthu unakula, ndipo mu 1908 mfumu Leopold II ya ku Belgium, imene inkalamulira Congo ngati chuma chakechake, inakakamizika kupereka dzikolo m'manja mwa boma la Belgium. Kusiyana kwake n'kwakuti mayiyu anakhala pakati pa anthuwo zaka zambiri, ankamva chinenero chawo, ndipo Nsala anamutchula dzina.

Mwina mungadabwe kumva kuti nafenso mbali ya kuno tinaonetsedwako zoterezi. David Livingstone ankayenda ndi nyali yotere. Mu 1854 ali kwa mfumu Shinte ya Alunda, kumtunda kwa Zambezi, anaonetsa chithunzi cha Abrahamu atakweza mpeni pa Isake. Pamene ankasuntha kagalasiko, mpeni uja unaoneka ngati ukulunjika kwa oonera, ndipo amayi anabalalika akukuwa, mfumu yokha ndi imene inakhalabe pamalo pake. Azungu ambiri anaiseka nkhaniyi, koma ine ndimaona anthu anzeru zawo amene mlendo wawaonetsa mpeni mumdima. Pakati pa 1935 ndi 1937 kunali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inkapanga mafilimu ku Tanganyika n'kumayenda nawo pa lole mpaka ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, mawu ofotokozera ali pa mbale za galamafoni m'zinenero za kuno. Mu 1940 Colonial Film Unit ya ku London inapanga filimu yotchedwa Mr English at Home, yoonetsa tsiku limodzi la banja la kalipentala wa ku England, kudzuka, kusamba, kudya, ana kupita kusukulu, kuti Aafirika aone mmene Mngelezi amakhalira. Ndiye taonani kusiyana kwake. Ife potionetsa za iwo anasankha nyumba yaukhondo ndi banja laulemu. Iwo powaonetsa za ife anasankha mkango ndi ndudu. Kuyambira 1948 mpaka 1963 Central African Film Unit ya ku Salisbury (kumene lero ndi Harare) inkapangira mafilimu maiko atatu a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, ndipo ankafika kumidzi pa galimoto, womasulira atagwira chimkuzamawu. Akuluakulu ena m'gulu muno akukumbukira magalimoto a kanema a zaulimi amene ankabwerabe pa bwalo la sukulu ngakhale titalandira ufulu.

Ku America zionetserozi sizinafe msanga. Filimu yaing'ono ya mamilimita 16 itayamba kupezeka yamitundu cha mu 1935, anthu ambiri analowa ntchitoyi, ndipo magulu monga Kiwanis ankakonza mndandanda wa zionetsero nyengo yozizira iliyonse m'matauni ang'onoang'ono, phindu lake n'kuthandizira ntchito zachifundo. Ndikukhulupirira kuti agogo anuwo ankapita ku zoterezi. Wailesi ya kanema ndi kutchipa kwa maulendo a pandege ndi zimene zinadzachepetsa anthu m'maholo pang'onopang'ono. Ku France bungwe la Connaissance du Monde, limene linayamba mu 1945, linausunga mwambowu kwa zaka zambirimbiri: wojambula filimu amabwera yekha, kuionetsa, n'kuyankha mafunso a anthu pamaso m'pamaso.

Za YouTube, ndinganene kuti ndi mdzukulu wake weniweni. Munthu mmodzi, kamera, dziko la eni, ndi ndalama zimene zimabwera malinga ndi kuchuluka kwa oonera. Nyambo yake sinasinthe, n'chifukwa chake mumaona mlendo akudutsa nyumba zabwino ndi masukulu n'kukaimika kamera pa mwana wamamina kapena pa mbewa zogulitsa m'mbali mwa msewu, mutu wa kanemayo n'kulemba zodzidzimutsa. Chasintha n'chakuti lero wojambulidwa akhoza kuionera kanemayo tsiku lomwelo n'kulemba pansi pake kuti bodza ili, gule ameneyu tanthauzo lake ndi lakuti. Komanso kamera ili m'thumba mwathu. Wode Maya wa ku Ghana wayenda maiko ambiri a mu Africa akuonetsa mizinda, minda ndi mabizinesi a Aafirika, anthu ake akudzilankhulira okha, ndipo omuonera ndi mamiliyoni. Zimenezi Nsala analibe.

Mafilimu akale ambiri akadalipo. Ena a Burton Holmes ali pa YouTube pomwepo, a nthawi ya atsamunda mungawapeze pa tsamba la intaneti lotchedwa Colonial Film, ndipo a Central African Film Unit amasungidwa ku National Archives of Zimbabwe ku Harare. Chimene chikusowa ndi mbali yathu. Amene muli ndi agogo oti anaonerako kanema wa pagalimoto uja, chonde akhazikeni pansi muwajambule pa foni akufotokoza zimene anaona, zimene womasulira ankanena, ndi zimene anthu ankakambirana pobwerera kunyumba usikuwo. Mukatero mutiponyere muno m'gulu timve nawo.