Bwanji njinga ya kabaza ikalemedwa imachedwa kugwira liwiro?

Mtsikana wina wa Folomu 3 wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu wanditumizira imelo. Akuti: "Bambo anga amayendetsa kabaza. Kulemera kwa katundu kumakokera pansi, pomwe iwo amapalasa kupita kutsogolo. Nanga bwanji akanyamula matumba amachedwa kugwira liwiro ngakhale pamsewu wopanda chitunda?"

Chemwali, funso lanuli landisangalatsa, chifukwa mwagwira pomwe ambiri amasokonezekera. Pamsewu wopanda chitunda bambo anu sakweza katunduyo m'mwamba. Msewu ndi umene umamusenza. Chomwe akulimbana nacho ndi inertia, khalidwe la chinthu chilichonse lokana kusintha kayendedwe kake: choima chimafuna kuimabe, choyenda chimafuna kuyendabe. Kukanako kumakula molingana ndi mass, kutanthauza kuchuluka kwa zomwe zili m'chinthucho, yomwe timayeza m'makilogalamu. Mass si kulemera ayi. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 mutapita nalo kumwezi lingapepuke pafupifupi kasanu n'kamodzi, koma mass yake ingakhale yomweyo, ndipo kukana kwake kuyamba kuyenda sikungachepe.

Isaac Newton anafalitsa malamulo a kayendedwe ka zinthu mu 1687. Lachiwiri ndi lomwe mumalemba m'kalasi kuti F = ma: mphamvu yokankha (F) ndi yofanana ndi mass (m) kuchulukitsa ndi kakweredwe ka liwiro (a). Tiyeni tilikweze panjinga. Tinene kuti bambo ndi njinga yawo akukwana makilogalamu 80, ndipo mphamvu yotsala yokankhira kutsogolo ndi ma newton 40 osasintha (newton ndi muyezo wa mphamvu). Gawani 40 ndi 80: sekondi iliyonse liwiro likuwonjezeka ndi theka la mita pa sekondi. Pakatha masekondi 10 akuthamanga mamita 5 pa sekondi, omwe ndi makilomita 18 pa ola. Tsopano akweze kasitomala ndi kamtolo kake pamsika waukulu, zonse zikwane makilogalamu 160. Miyendo yomweyo, mphamvu yomweyo, koma pakatha masekondi 10 angofika makilomita 9 pa ola. Adzafikabe pa 18, kungoti pafunika masekondi 20.

Ndati "yotsala" dala, chifukwa mphepo ndi kukhulana kwa matayala zimadya gawo la mphamvuyo. Mphepo imakula njinga ikamathamanga, n'chifukwa chake liwiro silikwera mpaka kalekale.

Chomwe ndikufuna mukawauze bambo ndi cha mabuleki. Inertia yomwe imachedwetsa ponyamuka imachedwetsanso poima. Ngati mabuleki akugwira ndi mphamvu yomweyo, njinga ya makilogalamu 160 imayenda mtunda wowirikiza kawiri isanaime, poyerekeza ndi ya 80 yothamanga mofanana. Akalemedwa aziyamba kugwira mabuleki akadali patali, ndipo pamsewu wa M1 asamadutse kutsogolo kwa malole a matabwa ochokera ku Chikangawa poganiza kuti dalaivala aima msanga.